Za mainjini a boti amene akugona m'midzi ya ku Mzimba

Anyamata a padoko, ndi inu nonse amene zolemba zangazi zimakupezani kudzera mwa anzanu, ya leroyi ndi yaitali ndithu. Amene muli pa ntchito isungeni, mudzawerenge usiku.

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, injini yatsopano ya boti yasanduka chinthu chongoonera pa chithunzi. Mnyamata amene amalota zokhala ndi boti lakelake, ngakhale asunge ndalama za usipa miyezi ingati, akamafika kusitolo amapeza mtengo wasuntha kale. Ndiye m'madoko muno, kuyambira ku Tukombo, Chintheche mpaka ku Usisya, mwabuka nkhani yoti ku Mzimba kuli mainjini otchipa amene akungogona m'nyumba za anthu. Ena akuti ndi bodza, eti ku Mzimba kulibe nyanja, injini ya boti ikatani kumeneko? Aliko ndithu, ndipo ena ndawatsegula ndi manja angawa. Koma injini imene yagona zaka 20 kapena 40 siyofikira kukoka chingwe. Uyambe wadziwa kuti ndi ya m'badwo uti, inakwera bwanji kumtundako, ndipo inasiyidwa chifukwa chiyani. Malawi amene inagonamo ndi wina, amene ikudzukiramo ndi winanso. Petulo anasintha, oyilo anasintha, nsomba nazo zinasamuka malo.

Tiyambe ndi malo. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, koma silikhudza nyanja olo pang'ono. Pakati pa ife ndi iwo pali mapiri a Viphya ndi nkhalango ya Chikangawa. Munthu wa pa boma pa Mzimba akafuna kuona nyanja amakwera ku Chikangawa, kudutsa Mzuzu, n'kutsetserekera ku Nkhata Bay. Wa ku Jenda mwina amaona chapafupi kudzera ku Kasungu n'kukatulukira ku Nkhotakota. Madzi amene anthu a kumwera kwa Mzimba amawadziwa ndi mtsinje wa South Rukuru, mtsinje wa Mzimba, ndi damu la Luwawa. Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ndi anthu a ng'ombe, chuma chawo chimagona m'khola. Ndiye funso lija n'lomveka.

Yankho lili pa msewu wa ku Joni.

Angoni a kumpoto anavomera ulamuliro wa Angerezi mochedwa, mu 1904, ndipo pasanapite nthawi msonkho unawatsatira. Msonkho umafuna ndalama, koma ku Mzimba kunalibe maesiteti a tiyi ngati ku Thyolo, kunalibenso njanji. Chimene boma limeneli linali nacho chambiri ndi amuna amphamvu, komanso masukulu a mishoni ngati a ku Embangweni, kumene Donald Fraser anakhazikitsa siteshoni mu 1902. Munthu wodziwa kuwerenga koma wopanda kogwira ntchito amatani? Amanyamuka. Atonga a kwathu kunyanja anali atayamba kale ulendowu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Angoni ndi Atumbuka n'kutsatira. Ena ankathera ku Salisbury, amene lero ndi Harare, ena ku migodi ya malasha ku Wankie, ena ku Copperbelt, olimba mtima mpaka ku Johannesburg. Panali njira ziwiri. Ina inali yolembedwa ndi Wenela, bungwe limene linkasakira antchito migodi ya golide. Ina inali ya selufu, kudziyendera wekha pansi, kuzemba mikango ndi apolisi. Amene sanabwerenso ndiye matchona aja, amene mpaka lero mabanja ambiri ali ndi dzina la mmodzi.

Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha ngati kwathu kuno chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo m'migodimo. Khomo linatsegukanso m'zaka za m'ma 1930. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo Wenela anali ndi ndege zakezake zimene zinkanyamula anthu pakati pa Malawi ndi Francistown ku Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka pa Francistown. Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti anafera pomwepo. Kamuzu anakwiya, analetsa Wenela kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna masauzande ambirimbiri anabwerera kumudzi. Chimene ambiri sadziwa, ndipo ine monga makaniko chimandikhudza, n'chimene chinagwetsa ndegeyo. Anali mafuta. Ndege ija inali ya mainjini a mapisitoni, omwera petulo wa ndege, koma m'mafuta amene anaithira munali mutasakanikirana mafuta a jeti, amene ndi achibale a palafini. Mainjini anatentha, mphamvu n'kutha ili m'mwamba. Muisunge mfundo imeneyi, tiipezanso tikafika pa zigubu.

Ulendo unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, madala amati Theba, koma anthu anali ochepa kusiyana ndi kale. Unatheratu cha mu 1988 pamene maboma awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV.

Tsono amuna a nthawi ya Wenela ndi Theba sankabwera ndi injini m'sutikesi ayi. Ankabwera ndi mabulangete, wailesi, masuti, makina osokera, ndi ndalama zimene ankalandirira kuno kumudzi. Ambiri anagula ng'ombe ndi malata. Koma madala a padoko amakamba kuti ena amene anagona m'komponi imodzi ndi Atonga anamva kuti kunyanja ndalama imabwera m'mawa uliwonse, osadikira kukolola. Oterewa ankaika ndalama zawo pa chilimira ndi boti la matabwa, mnzawo wa kunyanja n'kumayang'anira. Chilimiracho, mbiri imati chinalowera ku Likoma m'zaka za m'ma 1870, ndipo kwa zaka zambiri chinkakokedwa ndi mabwato ndi nkhafi basi. Injini inabwera mochedwa kwambiri.

Injini yopachika kumbuyo kwa boti inatchuka ndi Ole Evinrude, mbadwa ya ku Norway amene ankakhala ku Milwaukee ku America, amene anayamba kuzigulitsa cha mu 1909. Koma imene madala athu anaidziwa bwino ndi ya ku Mangalande, British Seagull. Inayamba kupangidwa mu 1931 ku Wolverhampton, kenako fakitale inasamukira ku Poole, ndipo anasiya kupanga mu 1996. Amene simunaione, ndi kainjini kopanda chivundikiro, thanki yake yaing'ono ili pamwamba penipeni, silinda imodzi, chingwe umachita kukulunga wekha pamutu n'kukoka. Zambiri zilibe giya ya livesi. Mphamvu yake ndi yochepa, zambiri ndi za mahosi 5 kapena kuchepera, ndipo phokoso lake ukhoza kulimva uli ku Chizumulu. Utsi ndiye musanene. Koma inali yosavuta, sipanala ziwiri ndi sikuludiraiva wamaliza ntchito.

Ngati mwapeza Seagull, yang'anani nambala imene inadindidwa pa thupi la injini pafupi ndi silinda. Zilembo zoyamba zimanena mtundu. Kumapeto, kwa zimene zinapangidwa kuyambira 1963, kuli chilembo cha mwezi ndi nambala ya chaka, A ndi Januwale, B ndi Febuluwale, choncho. Kuyambira 1973 chilembo cha mwezicho ankachilemba kawiri. Ndiye wogulitsa akamati agogo anaigula chaka chakuti, injiniyo imatha kumutsutsa yokha.

Yamaha anapanga injini yake yoyamba ya boti mu 1960, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anatulutsa mtundu wa Enduro, umene anaupangira dala asodzi a maiko ngati athu, anthu amene injini imagwira ntchito usiku uliwonse, mafuta ake okayikitsa, makaniko wake wa pansi pa mtengo. Enduro 15, 25 ndi 40 ndi amene anachotsa Seagull panyanja pano. Seagull sanagonje chifukwa chowonongeka. Ntchito ndi imene inamukulira. Chambo chitayamba kuchepa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndalama inasamukira ku usipa, amene lero ndi woposa theka la nsomba zonse zophedwa m'dziko muno. Usipa wa kauni umafuna kupita kutali usiku, boti litanyamula anthu, khoka ndi mabwato a siginala, n'kubwerera m'mawa msanga ogula asanabalalike. Mahosi anayi sangakwanitse zimenezo. Ndiye ma Seagull ambiri anapachikidwa kudenga akadali amoyo, ndipo mwini wake akakhala wa ku Mzimba, anapita nayo kwawo ngati katundu wake.

Gulu lachiwiri, ndipo ndi lalikulu, linabwera 1994 itadutsa. Chaka chimenecho tsankho linatha ku South Africa, kuno matipate n'kuyamba, kwacha nayo n'kuimasula kuti izidziyendera yokha. Selufu anabwereranso mwamphamvu, ndipo Mzimba ndi limodzi mwa maboma amene anatumiza anyamata ambiri. Pitani ku Jenda, Embangweni, Edingeni, muone nyumba za malata achikuda ndi magalimoto a manambala a GP. Anyamatawa sapita ku migodi. Amagwira m'magadeni, m'makhitchini, m'mashopu, m'mafamu. Mabwana awo ena ali ndi maboti ongosewerera ku Vaal Dam kapena ku Hartbeespoort, ndipo injini ikakalamba amangoti tenga. Mnyamata wa ku Mzimba sakana katundu. Amapatsa matransipota aja amene amadzaza ngolo mpaka kumwamba, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kudzatsitsa pakhomo. Nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008 ndi 2015 ena anatumiza chilichonse chimene akanatha kutumiza. Injini imafika kumudzi, cholinga n'kudzaigulitsa kunyanja mwini wake akabwera pa Disembala. Disembala amakwana, mwini wake mapepala sali bwino, sabwera. Zaka khumi zimatha injini ili kuseri kwa matumba a chimanga.

M'gulu limeneli mumapezeka Johnson, Evinrude, Mariner, Mercury, Suzuki, Yamaha. Apa mutsegule maso pa nkhani ya masipeya. Kampani ya OMC imene inkapanga Johnson ndi Evinrude inagwa mu 2000, ndipo amene anaigula anasiyiratu kupanga Evinrude mu 2020. Zipangizo zake ku Joni zimapezekabe, koma ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay muyenda mpaka nsapato kutha. Mariner yakale ndi nkhani ina. Zambiri zazing'onozing'ono za m'ma 1970 ndi 1980 zinkapangidwa ku Japan ndi fakitale ya Yamaha, anangosintha penti ndi dzina, ndiye zipangizo zambiri za Yamaha ya msinkhu womwewo zimalowa. Ine pakati pa Johnson yowala ndi Mariner yosuluka ya ku Japan, ndingatenge Mariner osaganiza kawiri. Mufunsenso kuti inkayenda m'madzi anji. Ya ku damu ili bwino. Ya ku Durban kapena ku Cape Town inamwa mchere, ndipo mchere umagwira ntchito ngakhale injini ili m'tulo: mabauti amamatirira mu aluminiyamu, ukati umasule amaduka, njira za madzi zimadzaza ndi zoyera ngati phulusa.

Palinso gulu lachitatu limene silikambidwa mokweza. Ena mwa mainjiniwa ndi chikole. Msodzi anakongola ndalama kapena chimanga kwa wamalonda wa kumtunda nyengo ya mwera, analephera kubweza, injini inakwera lole. Ena ndi a maliro. M'zaka za m'ma 1990, matenda aja atavuta, amuna ambiri a ku Mzimba amene anali ndi zida kunyanja anamwalira, abale a kuchimuna n'kubwera kudzatenga katundu, pena kumusiya mayi ndi ana opanda kanthu. Boti silikwera phiri, khoka limaola, koma injini imanyamulika. Inafika kumudzi kopanda woidziwa, ndipo palibe amene akanaigulitsa yekha chifukwa ndi ya banja.

N'chifukwa chake musanatulutse ndalama, funsani kuti mwini wake ndani. Kwa Angoni katundu wa malemu amayendera kuchimuna ndipo amakhala ndi omuyankhulira ambiri. Mnyamata amene akukuonetsani injini usiku kuseri kwa nyumba mwina ndi mdzukulu chabe, mwini wake ali ku Randburg ndipo adzabwera. Gulani masana, akuluakulu a pakhomo alipo, mulemberane kalata yokhala ndi nambala ya injini, a mfumu adindepo. Nambala ikakhala yofutidwa kapena kachitsulo kake kachotsedwa, isiyeni. Mainjini obedwa m'madoko mwathu muno nawonso amathawira kumtunda komweko, ndipo tsiku limene mudzaipachike pa boti, wina adzaizindikira kulira kwake.

Tsopano tinene kuti mwagula. Chinthu choyamba chimene chinasintha injini ili m'tulo ndi petulo. Kuyambira 1982 Malawi amasakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, woyamba anali wa fakitale ya ku Dwangwa, kenako mu 2004 kunabwera ina ku Chikwawa. Muyezo wake umakhala pakati pa 10 ndi 20 pa 100 iliyonse. Seagull ya 1970 sinapangidwire petulo wotere, ngakhalenso Johnson ya ku Vaal Dam sinamuzolowere. Ethanol amaumitsa ndi kusungunula mapaipi a labala akale, amadya kachikopa ka pampu ya mafuta, ndipo amakokolola zinyalala zonse zimene zinamatirira mu thanki n'kuzipititsa mu kabureta. Choopsa kwambiri, amakoka madzi a mumpweya. Petulo akakhalitsa m'thanki yosatseka bwino, madzi ndi ethanol zimagwirizana n'kutsikira pansi, pamene paipi imayamwira. Zapansizo zilibe oyilo. Injini ya two stroke ikamwa zimenezo ndiye kuti ikuyenda youma. Choncho mapaipi onse, kabaluni kopopera, ndi kachikopa ka pampu, sinthani musanayese n'komwe. Thanki itsukeni, muiyanike.

Ndipo poyesa koyamba musagule petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Mafuta akamasowa ngati mmene zinalili mu 2011 ndi 2012, komanso zaka zapitazi, ena amathiramo palafini kuti achuluke. Palafini mu injini ya petulo amapsa molakwika, amagogoda, amatenthetsa pisitoni mpaka kuboola. N'zomwe zija za ku Francistown, kungoti zathuzi zimachitikira pakati pa nyanja usiku.

Chachiwiri ndi oyilo, ndipo apa ndi pamene ma Seagull ambiri odzutsidwa amafera sabata yoyamba. Tonsefe tinakulira pa Enduro, mutu wathu uli pa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa chigubu cha malita 20. Seagull yakale imafuna 10 kwa 1. Pa chigubu chomwecho ndi malita awiri athunthu a oyilo. Musaseke, si kuti Angerezi ankakonda utsi. Mkati mwake mulibe mabering'i a timipira kapena masilo a labala ngati a Yamaha. Kirankishafiti imazungulira pa mabushi a mkuwa, ndipo oyilo wambiriyo ndi amene amafewetsa komanso kutseka mpata kuti mpweya usathawe. Zimene zinapangidwa kuyambira 1978 ndi zimene zinabwera za 25 kwa 1. Mukaipatsa muyezo wa Yamaha ilira bwinobwino, mwinanso mokoma kuposa kale, kenako mabushi adyeka ndipo simudzaipezanso mphamvu. Nambala ija ndi imene ikuuzeni muyezo. Enduro nayo ikangodzuka kumene, thanki yoyamba ipatseni 25 kwa 1.

Kadzutsidwe kake n'kofuna mtima wautali. Chingwe musachikhudze. Masulani mapulagi, igonekeni mabowo a mapulagi ayang'ane kumwamba, thiranimo oyilo wa two stroke wosakaniza ndi dizilo pang'ono, muisiye masiku atatu kapena sabata. Kenako gwirani fulaiwilo ndi manja, muziyendetsa pang'ono uku, pang'ono uku. Ikakana, onjezani masiku. Hamala ayi, ndipo musapondereze pulopela ndi phazi kuti mukakamize, muthyola maring'i kapena mano a giya. Maring'i amakhala atamatirira ku silinda ndi dzimbiri lopyapyala, ndipo kukoka chingwe mwamphamvu kamodzi kokha kumakanda silinda mizere imene singafutike.

Mwayi wa ku Mzimba ndi woti kumtundako n'kozizira ndipo miyezi yambiri mpweya ndi wouma, ndiye injini imene inali m'nyumba yosadontha imasungika bwino kusiyana ndi ya m'mphepete mwa nyanja. Adani ake ndi ena: makoswe amene amatafuna mawaya ndi kumanga zisa pansi pa fulaiwilo, mavu oumba dothi amene amatseka kabowo kotulukira madzi, ndi feteleza. Injini imene inagona chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza imadyeka ngati ya ku Durban.

Ikayamba kuzungulira, yezani kompuresheni. Pa ya masilinda awiri chofunika kwambiri n'choti awiriwo afanane, asasiyane kupitirira 10 pa 100. Mvetserani ndi khutu pamene mukuzunguliza. Yamaha ikamalira kuti kwerekwere mkati, mabering'i a kirankishafiti anachita dzimbiri, ndipo ngakhale ilire lero, ikakusiyani panyanja. Imeneyo njofunika kuitsegula yonse. Pamenepa Seagull imapambana, mkuwa suchita dzimbiri.

Moto ukasowa musathamangire kugula koyilo. Mainjini akale ali ndi mapointi pansi pa fulaiwilo, ndipo akakhalitsa amachita kakhungu kobiriwira. Apaleni pang'ono ndi sandipepa yosalala, pukutani ndi kapepala koyera, pa Seagull mpata wake ndi theka la milimita. Nthawi zambiri moto umabwerera pomwepo. Za CDI zilibe mapointi, koma musazizungulize waya wa pulagi uli lende osagunda chitsulo, mungaphe bokosilo. Kabureta imasuleni yonse. Petulo wakale akauma amasiya utomoni wofiirira umene umatseka majeti. Nyikani, pemererani ndi mpweya, koma singano kapena waya musalowetse m'jeti, mukulitsa bowo ndipo injiniyo idzakhala chidakwa moyo wake wonse.

Ku giyabokosi, tsitsani oyilo muone. Wakuda ali bwino. Wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi analowa, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi ulusi wa ukonde umene unakulungika kuseri kwa pulopela n'kudula silo. Yamaha imamwa oyilo wa giya wa 90. Seagull yakale imamwa wolimba wa 140, ndipo iyo kusakanikirana ndi madzi pang'ono ndi chibadwa chake, musadabwe nazo.

Za madzi ozizitsa ndiye ndikuuzeni mobwereza. Impela ya Yamaha, Mariner, Johnson ndi anzawo ndi ya labala. Ikakhala zaka osazungulira, mapiko ake amauma atapindika, ndipo ikangoyamba amathothoka, zidutswa n'kukatseka njira za madzi mkati mwenimweni. Isintheni ngakhale ikuoneka yabwino. Ndipo musailize pouma olo masekondi ochepa kuti wogulitsa akuonetseni kuti imalira. Kumudzi amakonda zimenezo, kuikoleka pa ngolo n'kuiliza anthu akuombera m'manja. Pezani mgolo, dzazani madzi mpaka apitirire pamene pali pampu, giya ikhale pa nyutulo. Seagull ilibe impela ya labala yopindika, kake ndi kolimba ndipo sikafa wamba, koma silinda yake ndi ya chitsulo cha pansi, njira za madzi zimadzaza dzimbiri. Madzi akamatuluka modontha m'malo mothamanga, tsegulani mutu mukokote.

Pali chinthu china chimene ndimaona anzanga ambiri sachiganizira. Boma la Mzimba lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita 474 kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi chaka. Kusiyana kwake ndi pafupifupi mamita 900. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, injini imafuna petulo wochepa kuti ilire bwino. Makaniko akaichuna kabureta mu mgolo pa Mzimba mpaka kumveka mokoma, n'kutsika nayo ku Nkhata Bay, mpweya umachuluka koma petulo ndi yemwe uja wochepa. Pa two stroke petulo wochepa ndi oyilonso wochepa, ndiye imatentha. Ya ku Johannesburg nayonso n'chimodzimodzi, mzinda umenewo uli pamwamba kuposanso Mzimba, ndipo eni maboti ena kumeneko amaika majeti ang'onoang'ono ndi pulopela yogwirizana ndi kumtunda. Ndiye kuchuna kwenikweni kuchitikire panyanja, boti litanyamula katundu. Thamangani mphindi zingapo, zimitsani, masulani pulagi. Yofiirira ngati khofi ili bwino. Yoyera mbee ikukuuzani kuti petulo akuchepa, mwina ndi jeti, mwina masilo a kirankishafiti anauma ndipo akuyamwa mpweya wakuba. Chizindikiro china cha masilo ndi injini imene imakwera yokha mukaisiya pa aidulo.

Sabata yoyamba muziyenda m'mbali, pamene mungapalase n'kufika kumtunda, nkhafi zili m'boti, pulagi ina ndi sipanala zili m'thumba. Musaiyesere mu Juni kapena Julaye mwera uli pakati. Enduro kapena Mariner imene yadutsa zonsezi ikhoza kupita ku usipa ngati ina iliyonse. Seagull ayi, olo ilire bwanji. Ipatseni matchera a pafupi, kunyamula chinangwa ndi nkhuni kuchoka doko lina kupita lina, kapena kuperekeza alendo ku Nkhata Bay, amene ena akaiona amaijambula kuposa mmene amajambulira nkhwazi. Ndipo muwerengere bwino oyilo wake uja musanalonjeze munthu mtengo wa ulendo, chifukwa malita awiri pa chigubu chilichonse pa mitengo ya lero akhoza kudya phindu lonse la tsikulo.